Nthungululu Yanga pa Trampolini ya Tadala

Pali manyazi amene munthu amawaseka pakapita zaka. Anga awa ndimawaseka ndi mano okha, mtima sulowererapo. Koma poti nkhaniyi yazungulira kale m'makhitchini a eni, yothiridwa tsabola, bola muimve kwa mwini wake. Ndine mayi uja anagwetsa mwana wake ndi lilime, holo itadzaza azungu.

Muyambe mwadziwa kuti pa nthungululu ine ndinalibe mnzanga. Zaka zimenezo, pakati pa Amalawi a mu London, ukwati umene ine Anaphiri sindinafikeko ankati unali wozizira. Ankandiimbira foni a ku Ilford, a ku Croydon, ngakhale anzathu a ku Zambia, kuti mubwere mudzatitsegulire pakhosi. Ndikalulutira muholo ya tchalitchi ana ankatseka makutu, akuluakulu n'kumati takumbuka kumudzi. Ndinkanyada nazo, sindinama.

Chimene chinkandivuta kunyadira ndi masewera a mwana wanga yemwe.

Tadala tinabwera naye kuno asanayambe sukulu. Tinkakhala ku Thamesmead, m'flat ya pamwamba, kumene basi imabwera ikafuna yokha. Mwanayo ankadumpha pa sofa, pa matiresi, paliponse pofewa, mpaka mzungu wa pansi pathu anatopa n'kugogoda kudenga kwake ndi mtengo wa mopu. Bambo ake, amene ankayendetsa minicab, taxi ya kuno, anamutengera ku kalabu ya trampolini kuti mphamvuzo azikathera kumeneko. Kwa amene simunaione, trampolini ndi nsalu yolimba yoluka ngati ukonde, yokokedwa ndi masipuling'i mbali zonse, ndipo ukaiponda imakuponya m'mwamba. Eni ake amangoitcha bedi.

Ife tinkayesa ndi za ubwana, adzasiya. Sanasiye. Pofika zaka sikisitini anali mmodzi wa atsikana otchuka m'dziko lonse pa msinkhu wake, ndipo akaweruka kusukulu ankathamangira ku training pafupifupi tsiku lililonse. Womuperekeza anali bambo ake. Ine ndinkagwira ntchito ku care home, kusambitsa ndi kudyetsa agogo a eni, ndipo Loweruka, tsiku la mipikisano, ndilo linkalipira bwinoko. Gawo langa pa masewerawo linali kuchapa tizovala take tonyezimira, tosakwana n'kupukutira mbale koma todula ngati suti, ndi kukalipa ndikapeza watenganso nsawawa zanga za mufiriji n'kuzimangirira pa kakolo wotupa. Kudumpha kwakeko ndinali ndisanakuonepo ndi maso anga.

Ndinene chilungamo, vuto silinali shifiti yokha. Kutchalitchi Mai Zulu, mnzanga wa ku Chipata, akayamba za mwana wawo amene ankaphunzira za mankhwala ku university, ine ndinkangoti Tadala ali bwino, n'kusintha nkhani. Ndikanati chiyani? Kuti tinawoloka nyanja, tinaima pa mizere ya mapepala otiloleza kukhala kuno ku Croydon m'chisanu, kuti mwana azidzadumpha pa bedi? Zikho zake ndinkaziika m'kabati kuseri kwa mbale za alendo. Mlendo akazisuzumira ndinkati ndi za kusukulu.

Ana amaona. Tsiku lina ndikusita nsalu yopita nayo ku ukwati wa mwana wa eni, Tadala anaima pakhomo n'kumandiyang'ana. Chichewa amamva chonse, koma poyankha ndi Chingerezi basi.

"You make that noise for everybody's children, Mum. Never for me."

Anangonena choncho n'kulowa kuchipinda. Ana a eni onse ndimawalulutira, iye ayi. Mawu amenewo anandibaya, moti ku ukwatiko ndinalulutira ndi theka la mtima. Ndinalumbira chamumtima kuti tsiku likadzafika, mwanayu adzamva nthungululu imene mwana wa munthu sanaimvepo.

Tsikulo linabwera lokha. Kunali mpikisano wosankha atsikana olowa mu timu ya dziko, okapikisana kunja. Malo anali ochepa, ndipo kwa Tadala chinali chaka chomaliza m'gulu la ma junior. Akaphonya apa, chaka chamawa anayenera kulimbana ndi akuluakulu amene anali atakhazikika kale m'mipando yawo. Sabata yomweyo amalume awo a bambo a Tadala anamwalira ku Ntcheu, abambowo n'kukwera ndege. Wotsala woti akaonerere mwana ndinali ine. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga wa ku Ghana.

Abambowo anaimba foni ali kumaliro, mawu akudukaduka. Anati amake Tadala, mukakafika kumeneko mukakhale pansi, muzikaona zimene anzanu akuchita. Ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati ine, amene ndayendetsa maukwati osawerengeka, ndafika pophunzitsidwa kukhala pagulu. Ankati afotokoze, foni n'kuduka. Sindinaimbenso.

Tadala ndinamufunsa funso limodzi lokha, m'khitchini, iye akumanga tsitsi. Ndinati ndikadziwa bwanji kuti wamaliza?

"Ten skills, Mum. Ten in a row, then I stop."

Teni. Kudumpha kakhumi motsatizana, kenako basi. Ndinaona kuti palibe chovuta, poti ine ndimawerenga mapiritsi a anthu tsiku ndi tsiku. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa theka, phulalo ndinadyabe.

Ndinaitana amayi asanu ndi mmodzi a kutchalitchi, mwachinsinsi, patsogolo Mai Zulu, chifukwa iwowo ndi amene ndinkafunitsitsa kuti akaone. Tinagwirizana zovala zitenje zachikasu zimene tinasokera ukwati wina. Ine ndinatenganso china chatsopano, chosavalidwapo. Kwathu munthu akachita chachikulu timamuyalira nsalu pansi kuti apondepo. Ndiye ndinawauza kuti mwana akangokwanitsa kakhumi, nonse nthungululu, ine ndithamange ndikamuyalire potsika.

Tinachitanso practice, musaseke, m'khitchini ya kutchalitchi mapemphero atatha, Mai Zulu akuwerenga ndi supuni pa poto. Mayi mmodzi wachikulire, namwino wopuma, anafunsa ngati kumeneko amaloleza zoterezi. Ndinamuyankha kuti dziko limene limaletsa mayi kusangalalira mwana wake sindinalimvepo. Onse anati indedi.

Tsikulo Tadala anapita m'mamawa pa minibasi ya kalabu. Ife tinanyamuka pambuyo, ndi chidebe cha mandasi. Basi ya ku Thamesmead inachita zake, sitima anali ataimitsa chifukwa ankakonza njanji, ndipo pa tram ya ku Croydon, kasitima koyenda mumsewu, tinatsika siteji yolakwika chifukwa Mai Zulu ankati kumeneko amakudziwa ngati kwawo. Tikanafika nthawi yabwino tikanaona ana ena akudumpha, ndipo nkhani ino bwenzi kulibe. Tinalowa muholo dzina la Tadala likuitanidwa.

Mtsikana wa pakhomo anatinong'oneza kuti tikhale msanga. Mipando yotsala inali ya kutsogolo kwenikweni, kumutu kwa trampolini, kuseri kwa kachingwe kofiira. Pa bolodi la magetsi dzina la mwana wanga linali lachiwiri, chifukwa anali atadumpha kale ulendo woyamba m'mawa. Akangochita bwino ulendo uno, malo mu timu anali ake.

Muholo munali zii ngati muli mayeso. Majaji atakhala pa nsanja yawo, majekete abuluu, mapensulo m'manja. Chikhamu chonsecho, wopanda ngakhale wotsokomola.

"Imwe amake Tadala, ni maliro aya?" ananong'ona Mai Zulu. "Bazungu sibaziba kusangalala. Lelo tizabaonesa."

Tadala anakwera pa bedi atavala kachovala kobiriwira kamene ndinachapa dzulo lake. Anakwezera majaji dzanja, osayang'ana mbali yathu, n'kuyamba kudumpha.

"Wani," tinanong'ona tonse.

Thupi litaongoka ngati nsungwi, mikono yokha ikuzungulira. Thuu. Fili. Ulendo uliwonse ankakwera kuposa wam'mbuyo. Pofika faifi ndinaona ngati wapitirira denga la basi yosanja. Pofika seveni ndinayamba kuopa zitsulo za kudenga. Mwana amene ndinkamubisa kuseri kwa mbale anali kuuluka.

Mai Zulu anandigunda ndi chigongono, ati ni izi chabe, kujumpa straight? Ndinawayankha ngati katswiri kuti chimene majaji amaona ndi kutalika kwake.

Apa ndiime kaye, ndikuuzeni chimene kamwana kalikonse muholomo kankadziwa, kupatula ife amayi asanu ndi awiri a zitenje zachikasu. Kudumpha koongoka kuja sikuwerengedwa. N'kongotolera mphamvu, ngati munthu amene akubwerera m'mbuyo kuti alumphe ngalande. Teni amene ankanena Tadala amayamba munthu akapidiguka koyamba m'malere, ndipo akayamba palibe kubwerera. Akagwera kunja kwa bedi, zathera pomwepo. Nthawi imene wodumpha amafuna bata koposa ndi yonyamukira chipidigoli choyambacho. Ndipo Tadala ankakonda kunyamuka pa kudumpha kwa khumi.

Eyiti. Naini. Ndinavula nsapato pansi pa mpando.

"Teni!"

Abale, ndalulutirapo pa moyo wanga, koma ya tsiku limenelo inali ina. Inachokera ku mchombo. Anzanga asanu ndi mmodzi anailandira, denga la holo n'kuibweza. Jaji wina anagwetsa pensulo. Ine ndinawerama pansi pa kachingwe n'kuthamanga chosavala nsapato, chitenje nditachitambasula ngati mbendera, mpaka kumutu kwenikweni kwa trampolini.

Anthu odumphawa akakhala m'malere maso awo amagwira malo amodzi, kumapeto kwa bedi, kuti adziwe pamene ali. Tadala atatembenuka kufuna malo akewo anapeza nsalu yachikasu ikukupiza, pamwamba pake nkhope ya mayi ake, kukamwa yasa. Ndinamuona akupidiguka, mwendo umodzi ukutayika, thupi likubwera cha kwa ine. Anagwera pa matiresi aakulu a kumapeto, phuu, n'kugubuduka.

Mukuganiza kuti ndinazindikira? Ayi ndithu. Ndinkayesa ndi mmene amatsikira. Ndinati koma mwanayu ngwamatama, wasungira chipidigoli potsika! Ndinayala chitenje pansi n'kuwonjezera nthungululu ina, mapewa akugwedezeka. Kumbuyo amayi anali atayambitsa nyimbo ya pa ukwati.

Nyimboyo inafa mmodzimmodzi, mpaka anatsala Mai Zulu okha, nawonso n'kuimeza. Nditakweza maso ndinaona chikhamu chonse chikundiyang'ana, ena atagwira pakamwa. Tadala anali atakhala tsonga pa matiresi. Sanavulale, zikomo Ambuye. Ankangondiyang'ana, ndipo chitenje changa sanachiponde.

Zikanathera apa, mwina bwenzi lero ndikuseka ndi mtima womwe. Choopsa ndi chimene ndinachita kenako.

Kochi wa Tadala, mayi wamfupi dzina lake Denise, amene anamuphunzitsa kuyambira ali kamwana, anathamangira kwa mkulu wa majaji. Chimene ankapempha ndinachimva pambuyo pake. Lamulo lawo limati phokoso la oonerera kapena la anthu ako omwe silipatsa mwayi wobwereza. Koma munthu wachilendo akalowa m'bwalo n'kusokoneza, mkulu wa majaji angathe kulola wodumphayo kuyambiranso. Chitseko chinali chisanatsekeke. Chimene chinkangofunika n'chakuti ine ndikhale munthu wachilendo kwa kanthawi kochepa.

Mkuluyo, bambo waimvi wa magalasi, anatsika pa nsanja n'kubwera pamene tinali. Anandiloza ndi pensulo mwaulemu n'kufunsa Denise ngati mayi ameneyu ndi wa kalabu yawo. Denise anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka ku mapazi anga osavala.

"I have never seen this woman in my life."

Sananame. Zaka zonsezo anali asanandionepo.

Bamboyo anatembenukira kwa Tadala. Tadala anayang'ana masokosi ake oyera, osanena kanthu. Ndimamumvera chisoni mpaka lero mwana uja. Kukana mayi ake sakanatha, kundivomera kunali kudzitaya yekha. Anasankha kukhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko kukanamupulumutsa. Bamboyo anali atayamba kale kugwedeza mutu ngati wovomera.

Ndiye kumbuyo kwanga kunamveka mawu a Mai Zulu, osanong'onanso.

"Imwe, bakukanani? Mwana wamene munabala mweka?"

Kukanidwa ine, pamaso pa amayi a kutchalitchi, Mai Zulu akuona? Denise ankanditsinzinira diso, chala chili pamlomo chamunsimunsi. Ine ndinaona ngati kamzunguka kakunditontholetsa ngati mwana. Ndinakonza duku n'kutulutsa Chingerezi changa cha kuntchito, chija ndimalankhula nacho ndi madokotala.

"Excuse me, sir. I am the mother! Nine months I carried this child. And these ones are her aunties."

Kuti pasakhale chikayiko, ndinabwerera ku mpando, kutenga chikwama, n'kumuonetsa chithunzi cha Tadala ali mu yunifolomu ya sukulu. Bamboyo anachiyang'ana bwinobwino n'kundibwezera.

"Thank you, madam. That is very helpful."

Ndinawayang'ana Mai Zulu monyadira, kuti mwaonatu, andithokoza. Denise anali atatseka maso. Mkuluyo anabwerera pa nsanja, ananong'onezana ndi anzake, ndipo pa bolodi, pafupi ndi dzina la mwana wanga, panatuluka ziro. Dzinalo linatsetsereka kuchoka pachiwiri mpaka pansi penipeni, ine ndikuona.

Anatitulutsa ndi ulemu uja wa azungu umene umapweteka kuposa mbama. M'khonde amayi anakhala pa benchi n'kutsegula chidebe cha mandasi, chifukwa panalibenso chochita. Denise anatipeza komweko. Sanakalipe. Anandifotokozera zonse ndakuuzanizi mofatsa, chimodzichimodzi, ngati mmene ine ndimafotokozera agogo oiwalaiwala kuti lero ndi Lachiwiri. Bola akanandimenya. Atachoka, Mai Zulu anapukuta mafuta kumilomo n'kunena kuti koma mwana anajumpa patali maningi, asiyeni bazungu na jelasi yao.

Tadala anabwerera pa minibasi ya kalabu, ine pa tram, chitenje chili m'chikwama. Kunyumba sanalire pamaso panga, sanandinyoze. Ndinaima pa chitseko cha chipinda chake n'kupepesa m'zilankhulo ziwiri. Anayankha kuti it's fine, Mum. Amene muli ndi ana okulira kuno mukumudziwa fine ameneyo. Kwa miyezi ndinkangomva yes Mum, no Mum.

Lamulungu ndinadzikakamiza kupita kutchalitchi. Abusa atapempherera onse amene anali ndi sabata yovuta, makosi anatembenukira kwa ine. Pa nthawi ya tiyi ndinapeza Mai Zulu akuonetsa anthu mmene ndinathamangira, atatambasula nsalu ya patebulo.

Bambo a Tadala anabwera atamva kale, chifukwa nkhaniyi inafika ku Ntcheu iwo asananyamuke. Anaika sutikesi pansi n'kundifunsa funso limodzi: amake Tadala, munakhala pansi? Sanaitchulenso nkhaniyo mpaka lero, ndipo kusaitchulako kumandiwawa kuposa kukalipa.

Malo a Tadala anatenga mtsikana wina wa kumpoto, wa tsitsi lofiira. Anapita kunja, anapatsidwa thandizo la timu, madokotala a timu, zonse, ife tinkangomva kuti akukwera. Tadala analowa m'gulu la akuluakulu n'kukhala munthu wa pafupifupi. Pafupifupi kusankhidwa, pafupifupi mendulo, reserve woonerera anzake atavala trakisuti. Masana ankaphunzitsa tiana ku kalabu kuti adzilipirire maulendo, madzulo n'kumadumpha yekha. Kenako bondo linayamba kuvuta. Anthu amanditonthoza kuti mwina zikanatero ndithu. Mwina. Koma ine ndikudziwa kuti tsiku lija chitseko chinali chotsegula, ndipo ndinachitseka kawiri ndi lilime limodzi lomweli.

Dzina ndinapatsidwa, Mai Teni. Ku maukwati, mkwati ndi mkwatibwi asanadule n'komwe keke, pankakhala wina wofuula kuti Anaphiri dikirani, sanayambe! Holo yonse n'kufa nalo phwete. Ndinkaseka nawo, nanga n'kutani. Koma nthungululu ndinaisiya. Ndikati nditsegule pakhosi ndinkaona nkhope ija pa matiresi.

Patapita zaka zingapo, atachitidwa opaleshoni ya bondo, Tadala anati adumpha komaliza pa mpikisano wa dziko lonse, kenako asiya. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinamupeza ataima m'khitchini, tikiti ili m'manja. Anandipatsa osandiyang'ana, n'kunena kuti ndikhoza kubwera ngati ndikufuna.

Ulendo uno ndinafunsa zonse. Ndinawakhazika pansi bambo ake mpaka anatopa nane. Ndinadziwa poyambira kuwerenga, ndinadziwanso kuti akamaliza amaima nji osasuntha phazi. Sindinaitane munthu. Ndinavala zabuluu ngati jaji, ndinafika holo isanatsegulidwe, n'kukakhala mzere wa pamwamba penipeni, chikwama pamiyendo, switi m'kamwa. Abambo anali pansi ndi kamera yawo ya vidiyo.

Tadala anakwera pa bedi bondo litamangidwa. Anatolera mphamvu, ine chete. Atapidiguka koyamba ndinayamba kuwerenga chamumtima. Mayina a zimene ankachita m'mwambamo sindiwadziwa. Ndimangodziwa kuti chinthu chokongola chotero sindinachionepo, ndipo chinatuluka m'mimba mwanga. Naini. Teni. Anadumpha kamodzi koongoka n'kuima nji pakati penipeni, mikono m'mwamba.

Holo inagwedezeka. Azungu omwe aja tinkati sadziwa kusangalala anali kuimba malikhweru, kuponda pansi, kufuula dzina la mwana wanga. Denise ankalira ngati kamwana. Nthungululu inakwera yokha kuchokera ku mchombo mpaka pakhosi, n'kukumana ndi switi. Ndinazimeza zonse ziwiri. Ndinati ayi Anaphiri, kuona maso a nkhono n'kudekha, mwina pali kalamulo kena kamene sunakamve, dikira majaji.

Tadala anatembenuka n'kuyang'ana ku mipando, dzanja lili pachipumi kutchinga kuwala kwa magetsi. Maso ake anayenda mzere ndi mzere mpaka anandipeza. Anaima choncho kanthawi ndithu. Ine ndinamugwedezera mutu pang'ono, mwaulemu, ngati mayi wophunzira. Anatsika.

Anatenga malo achitatu, mendulo yokhayo imene anapeza pakati pa akuluakulu. Pobwerera mu minicab ya bambo ake iye anakhala kumbuyo, mendulo ili m'manja, ine kutsogolo ndikudikira chiyamikiro. Tinadutsa maloboti angapo, chiyamikirocho osabwera. Nditatopa ndinatembenuka.

"Lero ndiye ndakhala bwino, eti mwanawe? Sunandimve n'komwe."

Anayang'anabe pawindo.

"I know. I stood there listening for you."

Anati anaima paja kundimvetsera. Kenako analankhula Chichewa, chimene ndinali ndisanachimve m'kamwa mwake chiyambire sukulu.

"Amayi, ija ndiye inali teni."

Nthungululu yanga ndi basi ya ku Thamesmead: imafika usanakonzeke, ndipo tsiku limene waima kuidikira siibwera.